Kamafunso Atchuna Gitala ya Ababa

Kamafunso anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzina limeneli anamupatsa ndi Amayi. Ankafunsa m'mawa. Ankafunsa masana. Ankafunsa ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Kamafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva Ababa akuimba gitala.

Gitalayo inkakhala pamwamba pa kabati. Inali yofiirira. Inali ndi khosi lalitali. Inali ndi bowo lozungulira pamimba. Inali ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Nsambo ndi timawaya timene timalira ukatikhudza.

Koma nsambozo zinali chete. Pagitala panali fumbi. Kangaude anali atamangapo kanyumba kake.

"Amayi, kodi Ababa ankaimba bwino?" anafunsa Kamafunso.

"Ankaimba bwino zedi," anayankha Amayi.

"Nanga analekeranji?"

Amayi anasiya kusita malaya. Anagwira khutu lawo.

"Makutu, mwananga. Makutu."

Ababa ankagwira ntchito yocheka matabwa. Makina ochekera ankalira tsiku lonse. Zwiii! Zwiii! Analira chaka chino. Analira chaka chinacho. Pang'ono ndi pang'ono makutu a Ababa anafooka.

Tsopano Ababa ankamva pang'ono chabe. Ukawaitana uli kumbuyo, sankatembenuka. Ukafuna kulankhula nawo, unkaima patsogolo pawo. Iwo ankayang'ana milomo yako.

Lamlungu masana Kamafunso anaima patsogolo pa Ababa.

"Ababa, ndiimbireniko gitala."

"Wati chiyani?"

"Gi-ta-la! Ndiimbireniko!"

Ababa anaseka. "Iwe mwana sutopa," anatero.

Anatsitsa gitala ija. Anapukuta fumbi ndi mpango. Kangaude anathawa.

Onse anabwera kudzamva. Amayi anabwera. Achemwali ake a Kamafunso anabwera, foni ili m'manja. Phwiti anabwera chokwawa. Phwiti anali mwana wotsiriza m'nyumbamo. Anali ndi mano awiri okha.

Kumutu kwa gitala kunali tizitsulo tisanu ndi kamodzi. Tizitsulo timeneti ndi tokungira nsambo. Ababa anapotokola kamodzi. Anatchera khutu. Anapotokola kena. Anatcheranso khutu. Kenako anaimba.

Ndwee! Bwoo! Gwengwe!

Gitala inalira ngati mphaka wopondedwa mchira.

Phwiti anayamba kulira. Achemwali anatseka makutu. Amayi anayang'ana pansi.

Ababa sanamve bwino kulira kwa gitala. Koma anaona nkhope zawo. Analeka kuimba.

"Zala zanga zikudziwabe njira," anatero Ababa. "Koma kutchuna sindingathenso. Sindikumva ngati nsambo yakwera. Sindikumva ngati yatsika."

Anabweza gitala pamwamba pa kabati.

"Loweruka ndikaipereka kwa mnzanga wa kuntchito," anatero. "Iye makutu ali nawo."

Mtima wa Kamafunso unawawa. Anawerenga masiku ndi zala. Lolemba. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi. Lachisanu. Dzanja limodzi lokha basi.

Lolemba, atabwera kusukulu, Kamafunso analowa m'chipinda. Achemwali ankawerenga buku pabedi.

"Achemwali, kutchuna n'kutani?"

"N'kukunga nsambo iliyonse kuti ilire mawu ake enieni."

"Mawu ake enieniwo umawadziwa bwanji?"

"Umamva ndi makutu."

"Nanga ngati makutu afooka?"

"Aa, iwe! Sukuona kuti ndikuwerenga?"

Kamafunso anadikira pang'ono. Pang'ono pokha.

"Achemwali, nanga foni yanuyo ilibe khutu? Si imamva mukamalankhula?"

Achemwali anatseka buku. Anamuyang'ana Kamafunso. Anayang'ana foni.

"Tadikira kaye," anatero.

Anadinadina foni. Anafufuza. Anadikira. Anadinanso.

"Bwera uone! Ndapeza pulogalamu yotchunira gitala."

Kamafunso anakwera pabedi. Pagalasi la foni panali kamuvi. Kamuviko kanali kataima chete.

"Tanena kuti aaa," anatero Achemwali.

"Aaa!"

Kamuvi kanadumpha! Pamwamba pake panaoneka chilembo.

Kamafunso anagwira pakamwa. Kamuvi kanaima.

"Kandimva," ananong'ona. "Achemwali, kandimva!"

Anakweza mawu. "Iiii!" Kamuvi kanathamangira kumanja. Chilembo chinasintha.

Anatsitsa mawu. "Uuuu!" Kamuvi kanathamangira kumanzere. Chilembo chinasinthanso.

"Mawu anga akuoneka! Ndikuwaona ndi maso!"

Kamafunso ananyamula foni ndi manja awiri. Anayenda nayo m'nyumba monse. Anagogoda kapu ndi supuni. Ngii! Chilembo chinaoneka. Anatsegula chitseko cha kabati. Kwiii! Chilembo chinaoneka. Ketulo inaimba mluzu pamoto. Chilembo chinaoneka. Phwiti anaseka. Kamuvi kanavina.

Kamafunso anaima pakati pa nyumba. Maso ake anali tong'oo.

"Kani chinthu chilichonse chili ndi mawu ake!" anatero.

Inali nyumba yomweyo ya masiku onse. Makapu omwewo. Chitseko chomwecho. Koma tsopano zonse zinkaimba.

Lachiwiri masana Kamafunso anapita kwa Amayi.

"Amayi, tingatsitse gitala? Tikufuna kuitchuna ndi foni."

Amayi anaganiza kaye. "Itsitseni. Koma muisamale ngati dzira."

Achemwali anakwera pampando. Anatsitsa gitala. Anaigoneka pamiyendo ya Kamafunso. Inali yopepuka. Inkanunkhira thabwa lakale.

Achemwali anawerenga pafoni.

"Nsambo iliyonse ili ndi chilembo chake. Yonenepayi ndi E. Kenako A. Kenako D. Kenako G. Kenako B. Yowonda kwambiriyi ndi E inanso."

"Ma E awiri? Ndi mapasa?"

"Ayi. Ndi mayi ndi mwana wake. Wina ali ndi mawu aakulu. Wina ali ndi mawu aang'ono."

"Nanga kamuvika?"

"Kakapita kumanzere, nsambo yakhwefuka. Uikunge. Kakapita kumanja, nsambo yakungika kwambiri. Uikhwefule. Kakaima pakati, watha."

Kamafunso analiza nsambo yonenepa. Dummm.

Kamuvi kanapita kumanja. Kanapita kumanzere. Kanabwereranso kumanja. Zilembo zinasinthasintha.

"Kapenga!" anatero Kamafunso.

"Sikanapenge," anatero Achemwali. "Kakumva zinthu zambiri. Tamvera."

Kamafunso anamvetsera. Wailesi ya aneba inkalira. Galimoto inkadutsa pamsewu. Phwiti ankamenya mbale ndi supuni. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

"Tifune malo a chete," anatero Kamafunso.

Anapita kukhitchini. Amayi ankatsuka miphika. Sikunali chete.

Anapita kubafa. Mpope unkadontha. Tho. Tho. Tho. Sikunali chete.

Anapita kuchipinda. Anatseka chitseko. Anatseka windo. Wailesi ya aneba inkamvekabe.

"Bulangete!" anatero Kamafunso.

Anatenga bulangete lalikulu la Amayi. Anafunda onse awiri. Anafunditsa gitala. Anafunditsa foni. Munali mdima. Munali kutentha. Koma munali chete. Foni yokha ndi imene inkawala.

Kamafunso analiza nsambo yonenepa. Dummm.

Chilembo chinaoneka. E. Kamuvi kanaima kumanzere. Kanali kofiira.

"Yakhwefuka," anatero Achemwali. "Kunga pang'onopang'ono."

Kamafunso anagwira kachitsulo. Anapotokola pang'ono. Analizanso. Dummm. Kamuvi kanasuntha. Anapotokolanso pang'ono. Kamuvi kanasunthanso. Kankayenda ngati bilimankhwe. Phazi limodzi. Phazi lina. Kanafika pakati.

Galasi lonse linati biriwiri!

Kuwala kobiriwira kunadzaza m'bulangete. Kunawala pankhope ya Achemwali. Kunawala pazala za Kamafunso. Nsambo inkalirabe. Inkalira mawu aakulu, osalala.

Kamafunso anaiwala kupuma.

"Awa ndiye mawu ake enieni?" anafunsa monong'ona.

"Omwewo," anayankha Achemwali monong'onanso.

Anatchuna A. Biriwiri! Anatchuna D. Biriwiri! Anatchuna G. Biriwiri! Anatchuna B. Biriwiri!

Inatsala imodzi. Yowonda ija.

Pomwepo Amayi anaitana. "Mkulu wake, tabwera undigwirire mwanayu!"

Achemwali anatuluka m'bulangete. "Undidikire," anatero. "Yowondayi njosachedwa kuduka."

Kamafunso anadikira. Anawerenga mpaka khumi. Anawerenganso mpaka khumi. Achemwali sanabwere.

"Yatsala imodzi yokha," anaganiza. "Ndikutha kale."

Analiza nsambo yowonda. Tiii. Kamuvi kanali kumanzere. Anapotokola kachitsulo. Anapotokola msanga. Anapotokolanso msanga. Anaiwala kuyang'ana kamuvi. Mawu anakwera. Anakwera. Anakwera.

Twaa!

Nsambo inaduka. Inadzipinda ngati tsitsi.

Kamafunso anatuluka m'bulangete. Misozi inayamba kugwa.

Achemwali analowa. Anaona nsambo. Anaona misozi.

"Mayo ine," anatero. Anakhala pansi pafupi naye. "Usalire. Ndiwauze ndine Ababa?"

Kamafunso anapukusa mutu. "Ayi. Ndadula ndine. Ndinena ndekha."

Ababa anabwera dzuwa lisanalowe. M'tsitsi mwawo munali utuchi. Anakhala pampando. Anavula nsapato.

Kamafunso anaima patsogolo pawo. Gitala inali m'manja mwake.

"Ababa, ndadula nsambo."

"Wati chiyani? Milomo yako ikunjenjemera. Sindikuona mawu."

Kamafunso anapukuta misozi. Analimbitsa milomo.

"Nda-du-la nsa-mbo. Pepani."

Ababa anatenga gitala. Anayang'ana nsambo yoduka.

"Umafuna kutani, mwananga?"

"Ndimafuna foni ikhale makutu anu."

Ababa anapukusa mutu. "Foni ndi foni. Khutu ndi khutu."

Kenako anamugwira paphewa.

"Wachita bwino kunena wekha. Nsambo zimaduka. Inenso ndinadulapo zambiri."

"Zingati?"

"Zoposa zala zako." Ababa anamwetulira pang'ono. "Koma mnzanga sindingamupatse gitala yopanda nsambo. Lachisanu ndiweruka msanga. Tidzapita kwa Amayi a Mawaya. Iwo amakonza zinthu zoimbira."

Lachisanu linafika. Ababa ananyamula gitala. Kamafunso anagwira dzanja lawo. Anayenda mpaka kumsewu waukulu.

Kumsewuko kunali phokoso. Magalimoto ankaliza mahutala. Ogulitsa malonda ankafuula. Wowotcherera zitsulo ankamenya chitsulo ndi hamala. Nge! Nge! Nge!

Shopu ya Amayi a Mawaya inali yaing'ono. Munali mawailesi otsegulidwa mimba. Munali masipika aakulu ndi aang'ono. Kukhoma kunali magitala atatu. Mawaya anali paliponse.

Amayi a Mawaya anali aafupi. Anali ndi magalasi pamphuno. Anali ndi pensulo kukhutu.

"Takulandirani, bambo," anatero. "Nanga nsamboyi wadula ndani?"

"Ndine," anayankha Kamafunso.

"Unafulumira eti?"

"Eya."

"Tonse tinayamba choncho."

Ababa anapereka gitala. Kenako anakaima pakhomo. Anayang'ana kumsewu. Sankafuna kuona gitala yawo.

Amayi a Mawaya anachotsa nsambo yoduka. Anatulutsa yatsopano m'kapepala. Inali yonyezimira. Anaimangirira kumunsi. Anaipisa m'kachitsulo. Anaikulunga bwinobwino.

"Tsopano tiitchune," anatero.

"Pano sizitheka," anatero Kamafunso. "Pali phokoso. Pafunika foni ndi bulangete."

"Bulangete?" Amayi a Mawaya anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. "Taona ichi."

Anapisa dzanja m'thumba la epuloni. Anatulutsa kamakina kakang'ono. Kanali kakuda. Kanali ndi kamwa ngati pegi yoyanikira zovala. Anakapanitsa kumutu kwa gitala. Anadina. Kanayaka. Nakonso kanali ndi kamuvi.

Lole yaikulu inadutsa. Piiip! Kamuvi sikanasunthe.

Hamala inalira. Nge! Nge! Kamuvi sikanasunthe.

"Aaa!" anafuula Kamafunso. Kamuvi sikanasunthe.

Amayi a Mawaya analiza nsambo ndi chala chimodzi. Dummm. Kamuvi kanadzuka!

"Ii! Kamamva bwanji?" anafunsa Kamafunso.

"Aka kalibe khutu."

"Kalibe khutu?"

"Kalibe. Foni imamva mawu a mumpweya. Aka kamamva kunjenjemera kwa thabwa. Taika chibwano chako apa."

Kamafunso anaika chibwano pagitala. Thabwa linali lozizira. Amayi a Mawaya analiza nsambo yonenepa.

Dummm.

Mawu analowa m'chibwano. Analowa m'mano. Anakwera m'mutu. Anatsika pachifuwa. Zinali ngati njuchi zambiri zikuuluka m'kati mwake.

Kamafunso anadzuka msangamsanga. Anathamangira pakhomo. Anaima patsogolo pa Ababa.

"Ababa! Kalibe khutu! Kalibe khutu, koma kamatchuna!"

"Chiyani chilibe khutu?"

"Bwerani muone!"

Anawakoka dzanja. Anawaonetsa kamakina. Anawaonetsa kamuvi.

"Ikani chibwano apa, Ababa."

"Anthu andiseka, mwananga."

"Chonde, Ababa. Kamodzi kokha."

Ababa anayang'ana uku ndi uku. Anawerama. Anaika chibwano pagitala. Kamafunso analiza nsambo yonenepa.

Dummm.

Maso a Ababa anakula.

"Lizanso," anatero.

Dummm.

"Lizanso."

Dummm.

Ababa anatsinzina. Sanasunthe. Anadikira mpaka mawu onse atatha. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Zaka zonsezi ndikugwira matabwa," anatero. "Ndinali nditaiwala kuti thabwa limalankhula."

Amayi a Mawaya anatenga gitala. Anakhwefula nsambo yoyamba. Anakhwefula yachiwiri. Anakhwefula zonse.

"Aa, mukuononga!" anatero Kamafunso.

"Sindikuononga." Anapereka gitala kwa Ababa. Anawayang'ana kumaso kuti aone milomo. "Tchunani nokha, bambo."

Ababa anakhala pabenchi. Anaika gitala pachifuwa. Dzanja lawo linafika pakachitsulo. Linabwerera.

"Ndikalephera?" anafunsa.

"Ine ndiziliza nsambo," anatero Kamafunso. "Inu muzipotokola. Muziyang'ana kamuvi. Kakaima pakati, mwatha. Koma pang'onopang'ono, Ababa. Ine ndinafulumira."

Kamafunso analiza. Dummm. Ababa anapotokola. Kamuvi kanayenda. Kanayenda. Kanapitirira pakati.

"Bwezani pang'ono, Ababa."

Ababa anabweza. Anakunganso. Kamuvi kanaima pakati.

Biriwiri!

"Ho!" anatero Ababa. Anayang'ana kamuvi. Anayang'ana chala chawo. "Ndachita ndine?"

"Ndinu, Ababa!"

Anatchuna A. Biriwiri! Anatchuna D. Biriwiri! Ababa anayamba kuseka. Anatchuna G. Biriwiri! Anatchuna B. Biriwiri!

Inatsala imodzi. Yowonda ija.

Kamafunso anabisa dzanja kumbuyo. Ankaopa.

"Liza, mwananga," anatero Ababa. "Tili awiri."

Kamafunso analiza. Tiii. Ababa anapotokola pang'ono. Tiii. Pang'ono. Tiii. Pang'ono kwambiri.

Biriwiri!

Nsambo sinaduke.

Ababa anapukuta manja pathalauza. Anaika zala pakhosi la gitala. Zala zinapeza malo ake zokha. Anakumbatira gitala mwamphamvu pachifuwa. Kenako analiza nsambo zonse pamodzi.

Mawu anadzaza m'shopu. Anali oyera. Anali ofunda. Nsambo zisanu ndi imodzi zinkalankhula ngati banja limodzi.

Ababa anaimba. Zala zinathamanga. Zinakwera. Zinatsika. Zinadumpha. Kamafunso anali asanaonepo zala zikuyenda choncho. Zinali zala zomwezo zokhakhala. Zala zonyamula matabwa. Koma tsopano zinali zopepuka ngati agulugufe.

Hamala ija inaleka kulira. Wowotcherera zitsulo anasuzumira pakhomo. Mayi wina anatula dengu lake pansi. Ana awiri a sukulu anaima pawindo. Amayi a Mawaya anavula magalasi.

Ababa anamaliza. Anakweza mutu mwamantha. Anayang'ana nkhope za anthu. Onse ankamwetulira. Onse anaomba m'manja.

Ababa anatembenukira kwa Kamafunso.

"Ndiuze zoona. Ikumveka bwanji?"

Kamafunso anagwira pamimba. "Ikumveka ngati m'mimba mwanga muli mbalame!"

Ababa anaseka. Anaseka mpaka misozi.

Amayi a Mawaya anavalanso magalasi.

"Nsambo yatsopano imakhwefuka msanga," anatero. "Muziitchuna kawirikawiri. Kamakinaka ndakubwerekani. Mukabweze mukazolowera. Foni nayonso imathandiza, bola pakhale chete."

"Zikomo kwambiri, amayi," anatero Ababa.

"Zikomo kwambiri, amayi," anatero Kamafunso.

Panjira Kamafunso anaima patsogolo pa Ababa. Anayenda chambuyo kuti aone milomo yake.

"Ababa, nanga mnzanu wa kuntchito?"

"Ndimuuza kuti azibwera kwathu. Ndizimuphunzitsa."

"Nanga gitala?"

"Gitala sichoka."

Kamafunso anadumpha. Anadumphanso. Anadumpha mpaka kunyumba.

Loweruka masana onse anali pabalaza. Achemwali anaika tiyi patebulo. Amayi ankapinda zovala. Phwiti ankamenya mbale yake. Ngwe! Ngwe!

Kamafunso anapanitsa kamakina kumutu kwa gitala. Analiza nsambo imodziimodzi. Ababa anapotokola. Phwiti anamenyabe mbale. Kamuvi sikanasokonezeke. Posakhalitsa zonse zinati biriwiri.

Ababa anayamba kuimba. Inali nyimbo yodekha. Phwiti anasiya supuni. Anatsegula kukamwa. Mano ake awiri anaoneka.

Kenako kunamveka mawu ena. Anali mawu a munthu. Anali okoma. Anali okwera ngati nsambo yowonda.

Kamafunso anatembenuka. Anali Amayi! Ankapinda malaya, uku akuimba.

"Amayi! Nanunso mumaimba?"

Amayi anachita manyazi. Anabisa nkhope m'malaya.

"Nanga ukuganiza kuti bambo akowa anandipeza bwanji?" anatero.

Achemwali anagwa ndi phwete.

Ababa anaona onse akuseka. Anasiya kuimba.

"Chachitika n'chiyani?"

Kamafunso anaima patsogolo pawo. "Amayi akuimba!"

Ababa anayang'ana Amayi. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mukuimba, Mayi? Sindikukumvani. Bwerani pafupi."

Amayi anasiya zovala. Anakhala pafupi ndi Ababa. Anaika dzanja paphewa pawo. Anayandikitsa pakamwa pakhutu lawo.

Ababa analiza gitala. Amayi anaimba m'khutu mwawo. Anaimba pang'onopang'ono.

Ababa anagwedeza mutu. "Ndakumvani," anatero. "Ndakumvani, Mayi."

Ndipo nawonso anayamba kuimba. Mawu awo anali aakulu. Mawu a Amayi anali aang'ono. Achemwali anaomba m'manja. Phwiti anagwira zala za Kamafunso. Anaimirira. Anayamba kunjanja ndi timiyendo take.

Nyimbo inatha.

"Ina!" anafuula Kamafunso.

Anaimba ina.

"Inanso!" anafuula Achemwali.

Anaimbanso ina.

Tiyi anazizira patebulo. Palibe amene anamukumbukira.